Mmene Tingajambulire Mau a Akulu Popanda Phokoso

Ndipempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze za kanthu kamene ambiri a inu mwakaona m'kabati ya bungwe lathu la Mbiri Yakale, ndiko kamakina kojambulira mau. Nkakang'ono ndithu, kosaposa chitsononkho cha chimanga; kamadya mabatire awiri, ndipo munthu ali yense angathe kukayatsa. Chifukwa cha kuphweka kwakeko ambiri timayesa kuti palibe chophunzira, koma kungodina batani lofiira nchito nkutha. Inenso ndinali kuganiza chomwecho kufikira tsiku limene ndinataya chinthu chimene sindidzachipezanso.

Kwathu ndi kwa Kapichi m'boma la Thyolo, kumene minda ya tiyi ichita malire ndi midzi ya anthu. Agogo anga aamuna anagwira nchito m'minda imeneyo zaka zambiri, kuyambira pa kupalira ndi kutchola masamba kufikira pa ukapitao. Makolo ao anali Alomwe amene anaoloka Ruo kuchokera ku Mozambique, monga anachitira anthu ambiri a kwathu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Agogowo anaona thangata ndi maso ao lisanathetsedwe mu 1962, ndipo anali mnyamata pamene kunabuka chipolowe ku Thyolo mu 1953. Zinthu izi ife timaziwerenga m'mabuku pokonzekera mayeso, koma iwo anali nazo m'mutu.

Pa tchuthi cha Khirisimasi chaka chatha aphunzitsi oyang'anira bungwe lathu anandibwereka kamakinako kuti ndikajambule nkhani zao. Tinakhala m'nyumba ya malata ya amalume, pakuti kunja kunali mitambo. Ndinaika kamakinako patebulo, agogo nakhala pampando wao pafupi ndi khomo, mtunda wa mamita awiri. Analankhula maola awiri athunthu. Anatchula maina a midzi imene makolo ao anapitamo, anafotokoza mmene ndime inali kuyezedwera, naimbanso nyimbo zitatu za Chilomwe zimene ngakhale amai anga sazidziwa. Mvula inayamba pakati pa nkhaniyo, koma ine sindinavutike mtima, popeza makutu anga anali kumva zonse bwino lomwe. Sindinamvetsere zojambulidwazo kufikira nditabwerera kuno kusukulu. Ha! Chimene tinamva usiku umenewo ndi mkokomo wa mvula pa malata, kulira kwa mbale zimene mlongo wanga anali kuika patebulo, ndi tambala wa anansi athu. Mau a agogo anali kumveka ngati a munthu wofuula tsidya lija la mtsinje wodzala. Ndinati ndidzabwereza pa tchuthi chotsatira, koma m'mwezi wa Malichi ndinalandira uthenga wa maliro. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Wanga anapitadi ndi mphepo.

Kuyambira pamenepo ndinafunsa aphunzitsi athu a Fizikisi, ndinawerenga kabuku ka kamakinako, ndi kuyesa ndekha masiku ambiri kuseri kwa hositelo. Zimene ndinapeza ndizo ndilemba pano, kuti wina asadzalire monga ndinalirira ine.

Mutu wa nkhani yonse ndi uwu: makina alibe nzeru yosankha. Mukamacheza ndi mnzanu pakati pa msika wa Bvumbwe mumamva zonena zake, ngakhale pali ogulitsa ofuula ndi maminibasi oliza hutala. Chifukwa chake nchakuti muli ndi makutu awiri, maso anu aona milomo yake, ndipo ubongo usankha mau amene mufuna nutaya enawo. Maikolofoni iribe zonsezi. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala konga ka ng'oma. Mau ndiwo mafunde a mpweya, oyenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi. Akagunda kachikopako kanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kusandulika magetsi amene makina awasunga m'manambala. Kachikopako sikadziwa kuti uyu ndi gogo, uyu ndi tambala. Chiri chonse chimene chikagwedeza kwambiri ndicho chipambana. Chotero nchito yosankha, imene ubongo uchita osatiuza, wojambula ayenera kuichita yekha ndi manja ndi miyendo yake asanadine batani.

Choyamba ndi chachikulu koposa: yandikirani. Aphunzitsi anationetsa kuti pabwalo popanda makoma, mtunda ukachuluka kawiri mphamvu ya mau itsika kufika gawo limodzi la magawo anai, ndiko kuti madesibelo 6 pa muyeso umene akatswiri ayezera mau. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ine ndinaika makina mamita awiri kuchokera pakamwa pa agogo. Ndikadasendera kufika mita imodzi, mau ao akadakula kanai. Pa masentimita 50, kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi. Pa masentimita 25, mphamvu yao ikadachuluka ka 64. Koma mvula ija ikadakhala chimodzimodzi, pakuti denga silisendera. Mwa ichi muona kuti njira yoposa zonse yochepetsera phokoso siiri m'mabatani ai, koma m'kuyandikira. Mtunda wabwino ndi masentimita 15 kufikira 30, ngati kutambasula chikhatho kamodzi kapena kawiri. Makina otsika mtengo okhala pafupi aposa makina odula okhala patali.

Komabe musaloze maikolofoni pakamwa penipeni. Ikani dzanja patsogolo pa milomo yanu, munene kuti "pala," kenaka munene kuti "phala." Pa liu lachiwirilo mudzamva kampweya kakuomba dzanja. Chichewa chathu chiri ndi mau ambiri otere, a ph, th ndi kh, ndipo kampweya kameneka kakagunda kachikopa kaja kamveka ngati munthu waponda chitini. Ikani makina cham'mbali pang'ono, kapena m'munsi mwa chibwano, kuti mau alowe koma mpweya upite padera.

Nzeru yoyandikira imeneyi si yatsopano. Bambo Hugh Tracey, amene anayambitsa nyumba yosungira nyimbo za mu Afirika yotchedwa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'dziko lathu lino mu 1950 ndi mu 1958, pamene linali kutchedwa Nyasaland, kujambula nyimbo za m'midzi. Makina ake anali olemera, onyamulidwa pa galimoto, ofuna injini yakeyake yopangira magetsi. Injiniyo anali kuiika kutali nakoka waya wautali kuti kulira kwake kusalowe m'nyimbo, ndipo maikolofoni anali kuigwira m'dzanja lake nasendera nayo kwa woimba kapena kwa ng'oma imene anafuna kuti imveke. Nyimbo zimenezo zisungidwa ku Rhodes University ku South Africa, ndipo zimveka bwino kufikira lero. Ife tiri ndi kamakina kolowa m'thumba la malaya, koma malamulo ake ndi omwewo: chaphokoso chikhale kutali, chofunika chikhale pafupi.

Chachiwiri, sankhani malo. Ambiri aganiza kuti malo aulemu, monga m'kalasi kapena m'tchalitchi, ndiwo abwino. Iai. Simenti, magalasi ndi malata zibweza mau, ndipo mau obwererawo afika pa maikolofoni mochedwa pang'ono nasokoneza anzao. Imani pakati pa chipinda, muombe m'manja kamodzi. Ngati mumva kamchira kakulira pambuyo pake, tulukani. Zinthu zofewa zimeza mau: mabulangete, mphasa, zobvala zopachika pachingwe, matumba a chimanga. Nchifukwa chake nyumba yaudzu yozira, imene ena aipeputsa, iposa nyumba ya malata pa nchito imeneyi. Ngati mulibe kochitira, pachikani bulangete pakhoma kumbuyo kwa wolankhula, yalani mphasa pansi, ndipo mukhale kutali ndi ngodya za chipinda. Koma mvula ikayamba pa malata, imitsani makina mudikire. Palibe bulangete loposa mvula ya ku Thyolo.

Chachitatu, sankhani nthawi. Musanayambe khalani chete mphindi imodzi, mutatsinzina, muwerenge zonse zimene mumva. Ine nditayesa pakhonde la kwathu ndinadabwa, pakuti ndinapeza zinthu zisanu ndi ziwiri zimene makutu anga anaziiwala kale chifukwa cha kuzolowera: chigayo, njinga zamoto za akabaza, thalakitala yonyamula masamba, mtondo wa azakhali, wailesi ya pagolosale, mbuzi, ndi mkokomo wa fakitale ya tiyi umene umveka kutali ngati njuchi. M'miyezi ya mvula, pamene masamba achuluka, makina a m'fakitale alira nthawi yaitali. Madzulo a nyengo yomweyo achule ndi tizilombo ta m'udzu tiyamba nyimbo yao. Zina mwa izi mungazithetse pongopempha mwaulemu, monga kuti wailesi itsekedwe ndi kuti ana akasewerere kutali. Zina muyenera kuzilambalala. Kwathu ndinapeza kuti Lamulungu masana, chigayo chitatseka, ndiyo nthawi ya bata. Tsekaninso foni zonse zimene ziri pafupi, chifukwa foni ikamafuna netiweki nthawi zina ilowetsa kulira kodukizadukiza m'makina.

Chachinai, opani mphepo. Ife a ku Thyolo ndi Mulanje tidziwa mwera wa miyezi yozizira, ndiponso chiperoni, chimene chinatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mphepo siichita ngati phokoso lina lochokera kutali. Iyo ikankha kachikopa kaja mwachindunji, ndipo ngakhale kamphepo kamene sikagwedeza tsamba la nthochi kamveka m'makina ngati bingu. Kasiponji kobvala pamutu pa maikolofoni kathandiza pa mpweya wa m'kamwa ndi kamphepo kakang'ono. Pa mphepo yeniyeni pafunika chobvala chaubweya wautali chonga mchira wa gologolo. Popanda izi, sokosi yoluka yaubweya ithandizako, ngakhale iphimba mau pang'ono. Musakulunge makina m'jumbo, pakuti pulasitiki ichita phokoso yokha. Khalani kuseri kwa nyumba kapena kwa nkhokwe, msana wanu utaloza kumene mphepo ichokera.

Chachisanu, samalani dzanja lanu. Kamakina kathu kali ndi maikolofoni pathupi pake pomwe, kotero chala chikangosuntha pang'ono kukhulako kulowa. Gwirani kamodzi, osafinya, chigongono chitatsamira pabondo, ndipo musasinthe manja pakati pa chiganizo cha munthu. Mukatopa, pindani chitenje kanai, muike pa mpando waufupi patsogolo pa wolankhula, makina pamwamba pake. Musaike pa thabwa lopanda kanthu, pakuti tebulo litenga kugunda kuli konse nkukupereka ku makina. Mbale za mlongo wanga zija zinalowa motero.

Chachisanu ndi chimodzi, tcherani makina. Pagalasi pake pali kamzere kamene kakwera ndi kutsika munthu akamalankhula, ndi manambala oyambira m'munsi kufikira pa 0. Pa 0 ndipo pa denga. Mau akagunda dengalo aphwanyika namveka ngati wailesi yong'ambika sipika, ndipo kuwakonza pambuyo pake nkobvuta kwambiri. Akakhalanso pansi kwenikweni, mudzafuna kuwakweza pambuyo, ndipo mudzakweza pamodzi ndi kusokosera kwa makina eni ake. Pemphani munthuyo alankhule monga achitira masiku onse, mutembenuze mlingo kufikira kamzereko kakamafika pafupi ndi -12. Malo otsalawo ngosungira kuseka ndi kuimba. Pali batani lina limene lilola makina kudzitcherera okha mlingo. Limeneli ndi lonyenga, pakuti wolankhula akapuma makina ayesa kuti mau achepa nakweza zonse, ndipo phokoso la kumbuyo libwera ngati funde pakati pa ziganizo. Nkwabwino kulitseka. Koma batani lolembedwa kuti Low Cut liyatseni. Ilo lichotsa mau a pansi kwambiri, osafika kunjenjemera 80 kapena 100 pa sekondi, kumene kukhala mkokomo wa mphepo, wa magalimoto, ndi kung'ung'udza kwa magetsi a m'dziko muno amene asinthasintha ka 50 pa sekondi. Zimene zitithandiza kuzindikira mau a munthu ziri pamwamba pa mlingo umenewo. Posunga sankhani WAV osati MP3, chifukwa MP3 itaya zina kuti faelo ichepe. WAV idya pafupifupi mamegabaiti 10 pa mphindi, ndiko kuti 600 pa ola. Kakhadi ka masiku ano kasunga maola ambiri otere.

Chotsiriza, chimene chikadandipulumutsa ngakhale ndikadalakwa zina zonse: mvetserani. Bvalani mahedifoni pojambula, kuti mumve zimene makina amva osati zimene ubongo wanu wasankha. Jambulani theka la mphindi, imitsani, mvetserani, konzani, ndipo pamenepo yambani nkhani yeniyeni. Ikani mabatire atsopano, ena awiri akhale m'thumba. Safunsa anadya phula. Ine amene sindinafunse makina anga ndinadya loposa phula.

Mwina wina adzati, "Nanga si kompyuta ichotsa phokoso?" Ichotsadi, koma pang'ono. M'chipinda chathu cha makompyuta muli pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity, imene inatuluka koyamba mu 2000. Mukaipatsa kachigawo kopanda mau a munthu, iphunzira phokoso la pamalopo nilichotsa m'nkhani yonse. Nchifukwa chake nkofunika kujambula masekondi 30 onse ali chete musanazimitse makina. Njira imeneyi igwira pa phokoso losasintha, monga kung'ung'udza kwa magetsi kapena fakitale yakutali. Tambala, mwana wolira ndi mvula yosinthasintha iribe nazo mphamvu yokwanira, ndipo mukaikakamiza munthu amveka ngati alankhula pansi pa madzi. Aliponso mapulogalamu atsopano amene ayesa kulekanitsa mau a munthu ndi phokoso mwa kulingalira chimene munthuyo ayenera kuti ananena. Koma mau akamira kwambiri angathe kuwasintha, ndipo pa nkhani ya mbiri sitifuna zolingalira. Tinayesa zonse pa nkhani ya agogo aamuna aja. Tinapulumutsa mphindi zochepa za kuchiyambi, mvula isanayambe. Nyimbo zitatu zija zinamira.

Pa tchuthi cha Ogasiti ndinabwereranso ndi kamakinako, tsopano kwa agogo aakazi. Poyamba anakana.

"Amuna anga," anatero, pakuti umo ndi mmene anditchulira mwa nthabwala, "kanthu kako kaja kanameza mau a anzako, kenaka iwo anapita. Ufuna kameze ndi anga omwe?"

"Iai, Agogo," ndinayankha, "sikanameze kanthu. Ndine ndinalakwa. Lolani ndijambule pang'ono mudzimvere nokha. Mukakana, ndifufuta pamaso panu."

Tinalowa m'nyumba yao yaudzu Lamulungu masana, mwera uli kuomba kunja. Ndinatseka chitseko, ndinapachika bulangete, ndi kukhala pamphasa pafupi ndi mapazi ao, makina atabvala sokosi. Nditawabveka mahedifoni anakhala chete, kenaka anaseka kufikira misozi. "Kodi ndine nkhalamba chotere?" anafunsa. Tsiku limenelo anandisimbira nthano zinai, mmene anali kutcholera tiyi ali ndi mwana kumbuyo ndi dengu lomwe, ndi za gule wa tchopa, amene bungwe la UNESCO linamlemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2014. Mwa nyimbo zitatu zija iwo anakumbukira imodzi. Imveka bwino lomwe, kufikira kupuma kwao.

Pamenepo ndinaphunziranso kuti ulemu uli mbali ya nchitoyi. Pemphani chilolezo poyamba, fotokozani amene adzamva nkhaniyo, ndipo musajambule munthu mobisa. Kuchiyambi nenani m'makina dzina la wolankhula, mudzi ndi tsiku, pakuti patapita zaka palibe adzakumbukire. Pamene alankhula musamayankhe "ee, ee" monga tichitira pocheza. Gwedezani mutu, chifukwa inu muli pafupi ndi maikolofoni ndipo mudzaphimba mau ao. Mukatha sungani faelo m'malo awiri, ndipo eni ake muwapatse yao.

Pamene Thomas Edison anapanga makina oyamba otha kubwereza mau a munthu mu 1877, anthu anayesa matsenga. Makolo athu anaona makaseti, amene kampani ya Philips inatulutsa mu 1963. Lero pafupifupi mudzi uli wonse uli ndi foni yotha kujambula, ndipo zonse ndanena pano zigwiranso pa foni. Chosowa si makina ai, koma anthu odziwa kuwagwiritsa nchito pamene akulu akali moyo. Kwathu achinyamata olankhula Chilomwe ndi ochepa, ndipo ndikhulupira kuti kwanunso kuli zina zimene zikutha. Mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapokha wina atawasunga. Tsono anzanga, tchuthi chikubwerachi lembetsani msanga kwa aphunzitsi a bungwe lathu, tengani kamakinako, sokosi imodzi ndi mahedifoni. Khalani pafupi ndi agogo anu, ndipo musachoke musanamvetsere.

Mnyamata wa Fomu 3, wochokera kwa Kapichi